John Chilembwe, Mlendo m'Dziko la America

M'chaka cha 1898, pamene asilikali a Azungu anathyola Angoni a Mpezeni napha Nsingo, ndiponso mu 1899, pamene amishoni anayamba ntchito pa Magwero, mnyamata wina wa ku Nyasaland anali tsidya lija la nyanja yamchere, alikuphunzira mu mzinda wa Lynchburg ku America. Dzina lake John Chilembwe. Ambiri adziwa za imfa yake, koma ndi owerengeka amene alingalira za zaka zitatu zimene iye anakhala mlendo m'dziko la eni. Mbiri ya zaka zimenezo iwayenera aphunzitsi a ku Chiparamba ndi a m'midzi yonse yozinga Chipata, pakuti ana amene akhala pamaso pao lero, ena a iwo adzakhala alendo kutali ndi kwao.

Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 m'dziko la Chiradzulu. Atate wake anali Myao, amake Mmang'anja. Anayamba kuphunzira m'sukulu ya mishoni ya Blantyre, ndipo mu 1892 analowa ntchito ya m'nyumba kwa Joseph Booth, mmishoni wa ku England amene anayambitsa Zambezi Industrial Mission pa Mitsidi. Anali wantchito wokhulupirika, nasamala Emily, mwana wamkazi wa Booth, m'masiku a matenda. Booth anambatiza mu July 1893. Mzungu ameneyu anali wosiyana ndi anzake, pakuti ankaphunzitsa poyera kuti dziko la Africa liyenera kukhala la eni ake, ndi kuti munthu wakuda ndi woyera ali amodzi pamaso pa Mulungu. Chiphunzitso chimenechi ndicho kamba amene Chilembwe ananyamula pa ulendo wake.

Mu 1897 awiriwo ananyamuka, nadzera ku England, naoloka kunka ku America. Munthu wochokera ku dziko limene linalibe njanji, pakuti sitima ya pamtunda inafika ku Blantyre mu 1908, anapezeka m'mizinda ya masitima, ya nyali za magetsi, ndi ya nyumba zosanjikizana. Chakudya chinali chachilendo. Chingerezi cha m'misewu chinali chothamanga koposa chija cha m'sukulu. Ngakhale nyengo inatembenuka, chifukwa miyezi ya December ndi January, imene kwao anthu apalira chimanga mvula ili pamsana, kumeneko ndiyo ya chisanu choopsa, mitengo ili gwa, yopanda masamba. Koma zodabwitsa zotere munthu azizolowera msanga. Chimene sichizolowereka ndicho makhalidwe a anthu.

Mu mzinda wa Richmond, m'chigawo cha Virginia, magulu a anyamata achizungu ankawatsata awiriwo ndi kuwaponya miyala. Mlandu wao unali wakuti Mzungu ndi munthu wakuda anayenda pamodzi mumsewu, nakhala pa mpando umodzi pabwalo, nagona m'nyumba imodzi ya anthu akuda. Apa Chilembwe anaona chinthu chimene sukulu sinamuuze. Dziko limene linali ndi matchalitchi m'misewu yonse, limenenso linathetsa ukapolo mu 1865, linali litasiyanitsa anthu monga mwa khungu lao. Mu 1896, chaka chimodzi iye asanafike, bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linavomereza kuti akuda ndi oyera azikhala mosiyana m'masitima, ndipo tsankho lomwelo linali m'masukulu ndi m'malo odyera. M'chaka cha 1897 chokha anthu akuda oposa 100 anaphedwa ndi magulu a anthu popanda kuweruzidwa. Mu November 1898, Chilembwe ali pasukulu, Azungu a mu mzinda wa Wilmington anaukira anthu akuda, napha ambiri, nachotsa akulu a mzinda amene anasankhidwa mwa lamulo.

Mlendo woona zotere akhoza kusweka mtima ndi kubwerera kwao wopanda kanthu. Koma Chilembwe anakomana ndi chodabwitsa chachiwiri, chimene chinali champhamvu koposa choyambacho. Booth anamfikitsa kwa Mbusa Lewis G. Jordan wa mpingo wa National Baptist Convention, mpingo wa anthu akuda okhaokha, ndipo iwo anamlandira namtumiza ku Virginia Theological Seminary and College ku Lynchburg. Pamenepo iye ndi Booth anasiyana mwamtendere. Mkulu wa sukuluyo, Gregory W. Hayes, anali munthu wakuda. Ana ndi adzukulu a akapolo anali kuyendetsa sukulu yao, kusonkha ndalama zao, kusindikiza manyuzi ao, ndi kudzoza abusa ao. Hayes anaumirira kuti sukuluyo idziimire payokha, yosalamulidwa ndi bungwe la Azungu limene linkaithandiza, ndipo mkangano umenewo unali wotentha m'zaka zomwezo Chilembwe anali kumeneko. Kwao ku Nyasaland munthu wakuda wophunzira ankangokhala mthandizi wa Mzungu. Kuno anaona kuti akhoza kukhala mutu wa ntchito.

Anamvanso mbiri za anthu amene anasankha njira zosiyana pa tsoka limodzi. Booker T. Washington, amene anayamba sukulu ya Tuskegee mu 1881, ankaphunzitsa kuti anthu akuda adzikweze ndi ntchito za manja, ulimi ndi khama. John Brown anagwira zida mu 1859 kuti amasule akapolo, ndipo anapachikidwa. Njira ziwirizi zinadzaonekera m'moyo wa Chilembwe, yoyamba kwa zaka 14, yachiwiri kwa masiku owerengeka.

Mu 1900 anabwerera kwao ali mbusa wodzozedwa. Akulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Chilembwe kanali sukulu. Anagula malo pa Mbombwe ku Chiradzulu, nayamba Providence Industrial Mission. Anthu akuda a ku America anamtumizira omthandiza: Mbusa Landon Cheek mu 1901, ndi Emma DeLany mu 1902, amene pamodzi ndi Ida, mkazi wa Chilembwe, anaphunzitsa akazi kusoka. Pofika 1912 mishoniyo inali ndi masukulu angapo ndi ophunzira mazanamazana, ndipo mu 1913 anatsiriza tchalitchi chachikulu cha njerwa. Anaphunzitsa anthu ake ukhondo, kulima, kuleka mowa ndi kuvala bwino.

Komatu wobwera ku ulendo apeza kuti wakhala mlendo kwao komwe. Azungu ambiri a m'minda sanakondwere kuona munthu wakuda wovala suti ndi chipewa, wolankhula nao monga mnzao. Pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero anthu ankagwira thangata, ndiko kulipira malo okhala ndi ntchito, ndipo matchalitchi a udzu amene anthu a Chilembwe anamanga kumeneko anatenthedwa. Tsankho limene analiona ku Richmond analipeza pakhomo pake. Itabuka nkhondo ya 1914, analemba kalata ku nyuzi ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu akuda alikufera nkhondo yosakhala yao. Pa 23 January 1915 anthu ake anaukira, napha Azungu atatu, mmodzi wa iwo W. J. Livingstone, woyang'anira minda ya Magomero. Boma linagonjetsa oukirawo msanga. Chilembwe anaomberedwa pa 3 February 1915 alikuthawira ku Mozambique, tchalitchi chake chinagwetsedwa, ndipo otsatira ake ambiri anaphedwa kapena kuikidwa m'ndende.

Ntchito ya sukulu sinafe naye. Daniel Malekebu, mwana wa sukulu yake amene anatsata Emma DeLany ku America naphunzira udokotala, anatsegulanso mishoniyo mu 1926. Dziko la Malawi likumbukira Chilembwe chaka ndi chaka pa 15 January.

Anthu aweruza mosiyana za mwazi wa 1915, koma za ulendo wake phunziro lili poyera. Mnyamata wochoka ku Chiparamba kunka ku Lusaka, ku migodi kapena ku Johannesburg adzadabwa ndi nyumba ndi magalimoto sabata imodzi yokha. Chimene chidzamlasa ndicho kunyozedwa chifukwa cha chilankhulo, chovala kapena mtundu wake. Mphunzitsi amene auza ana za zokoma zokha za kunja awatumiza kumunda opanda khasu. Awauze zonse ziwiri, zowawa ndi zabwino, ndipo awaphunzitse kudziwa mtengo wao asanachoke pakhomo. Chilembwe anaponyedwa miyala ku Richmond, koma ku Lynchburg anatsegula maso naphunzira, ndipo anabwera ndi chinthu chothandiza ana a kwao. Wobwera ku ulendo wotere ayenera kupatsidwa mphasa ndi kumvedwa, kuti chimene anachiona chisasanduke mkwiyo wokha, koma chikhale chuma cha mudzi wonse.