Nikola Milev: Mphunzitsi wa Mbiri Amene Anaphedwa mu Mzinda wa Sofia

Pa 13 February, 1925, munthu wina anaombera Nikola Milev ndi mfuti mu msewu wa mzinda wa Sofia, likulu la dziko la Bulgaria, namupha. Milev anali ndi zaka 43. Boma linali litamsankha kukhala kazembe wake ku Washington, ndipo tsiku la ulendo linali litayandikira.

Iyeyu anabadwa m'chaka cha 1881 m'mudzi wa Mokreni, ku Macedonia, pamene dzikolo linali m'manja mwa Aturuki. Mudziwo lero uli m'dziko la Greece, ndipo ukutchedwa Variko. Owerenga athu asunge chimenechi mumtima, pakuti Macedonia ndiye munda umene Bulgaria, Serbia ndi Greece anali kulimbirana, ndipo imfa ya Milev inachokera m'mkangano umenewo.

Anaphunzira pa sukulu ya Galatasaray ku Constantinople, kenaka pa Yunivesite ya Sofia, napitiriza ku Vienna, Florence ndi Rome. M'chaka cha 1914 anatulutsa buku lonena za ntchito ya Mpingo wa Katolika m'dziko la Bulgaria m'zaka za m'ma 1600. Nkhaniyo siinali yapafupi. Anthu a ku Bulgaria ambiri ndi a mpingo wa Orthodox, tsono Akatolika owerengeka a ku Chiprovtsi, amene anaukira Aturuki m'chaka cha 1688 nagonjetsedwa, akadaiwalika msanga. Milev anasonyeza kuti mwa anthu amenewa dziko lake linali ndi khomo loyang'ana ku maiko a kumadzulo. Pambuyo pake anakhala mphunzitsi wa mbiri pa Yunivesite yomweyo imene inamlera.

Akadakhala pakati pa mabuku ake, mwina akadafa nkhalamba. Koma Bulgaria atagonja pa Nkhondo Yaikulu Yoyamba, ulamuliro unagwa m'manja mwa Aleksandar Stamboliyski, mtsogoleri wa chipani cha alimi, amene sankawerengera anthu ophunzira a m'mizinda, ndiponso ankafuna mtendere ndi dziko la Yugoslavia, ngakhale Macedonia atayike. Kwa mwana wa ku Mokreni chimenechi chinali chowawa. Milev analowa m'bungwe la Naroden Sgovor lotsutsana ndi Boma, natsogolera nyuzipepala ya Slovo, mwini mpandowo Aleksandar Grekov ataphedwa m'chaka cha 1922.

Pa 9 June, 1923, asilikari analanda Boma, naika Aleksandar Tsankov, mphunzitsi mnzake wa Milev pa Yunivesite, kukhala Nduna Yaikulu. Patapita masiku asanu Stamboliyski anaphedwa mwankhanza, ndipo mu September chaka chomwecho kuukira kwa Achikomyunizimu kunazimitsidwa ndi mwazi wambiri. Milev anali wa mbali imene inapambana. Sitingamsambitse m'manja pa zimenezi chifukwa chakuti anali munthu wa mabuku. Cholembera chake chinathandiza kulambula njira imene mfuti zinadzera.

Chimene chinamfikitsa kumanda ndi ichi. Mu May, 1924, atsogoleri a bungwe la nkhondo la anthu a ku Macedonia, lotchedwa IMRO, anapangana za ubwenzi ndi Achikomyunizimu ku Vienna. Milev anali mmodzi wa otsutsa pangano limenelo kolimba. Mtsogoleri wa bungwelo, Todor Aleksandrov, analikana panganolo poyera, ndipo pa 31 August anaphedwa m'mapiri a Pirin. Kuyambira pamenepo ana a dziko limodzi anayamba kusakana ngati nyama. Olemba mbiri amati chiwembu cha pa Milev chinachokera kwa a ku Macedonia amene anatsalira ku mbali ya Achikomyunizimu.

Khamu lalikulu linaperekeza maliro ake mu Sofia. Patangopita miyezi iwiri, pa 16 April, Achikomyunizimu anaphulitsa denga la tchalitchi cha Sveta Nedelya, akuluakulu a Boma atasonkhana pa maliro a General Konstantin Georgiev, ndipo anthu oposa 100 anafera m'menemo.