Kamuzu ndi bwalo la dzina lake

Ife a ku Ndirande sitifuna wailesi kuti tidziwe zoti Bullets kapena Wanderers yagoletsa. Phokoso la pa Kamuzu Stadium limatipeza pakhomo. Koma ndi angati mwa ife amadziwa kuti bwaloli lawona kukwera ndi kugwa kwa mwini dzinalo?

Hastings Kamuzu Banda anabadwira ku Kasungu. Ali mnyamata analowera ku Joni, kenaka ku Amereka komwe anatsiriza maphunziro a udokotala mu 1937. Anagwira ntchito ku Mangalande ndi ku Ghana. Pamene bwaloli limamangidwa mu 1955, iye anali akadali kunja. Atsamunda analitcha Rangeley Stadium, dzina la mzungu wa boma lawo.

Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 July 1958 kudzaphwanya chitaganya. Mu March 1959 anamangidwa nakatsekeredwa ku Gweru, ndipo anatuluka mu 1960. Tsono pofika 6 July 1964, m'bwalo lomweli mbendera ya Angerezi inatsika, yathu nkukwera. Akuluakulu kuno akamakamba za usiku umenewo, nkhope zimawala.

Koma bwalo lomweli linadzasanduka malo otamandira munthu mmodzi. Mu 1971 Ngwazi inakhala mtsogoleri wamuyaya. Mbumba inkavina itavala nsalu ya nkhope yake, pomwe ena anali kuvunda m'ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Pa 14 June 1993 Amalawi anasankha zipani zambiri, mu 1994 nkhalambayo nkugonja kwa a Bakili Muluzi. Apa tisabise, anavomera kugonjako mwaulemu.

Dzina lake linafufutidwa, bwalo nkukhala Chichiri Stadium. Kamuzu anamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997 lili choncho. Mu 2004 a Bingu wa Mutharika analibwezeretsa.

Ine ndinakula ndikumva maina onse awiri, ndipo sindinaone dzina likumata mng'alu. Masitandi ena anachita kutsekedwa poopa ngozi, ndipo bwalo lamakono linakamangidwa ku Lilongwe, nkutsegulidwa mu 2017.

Abale anga, Kamuzu timuweruze ndi zonse ziwiri, ufulu ndi ndende zomwe. Koma bwalo limene mbendera yathu inakwerera koyamba si la chipani ayi, ndi lathu. Andale akadzafika pa msika wa Ndirande kudzapempha mavoti, tiwafunse za simenti, osati za dzina.