John von Neumann, katswiri amene anafufuza ngati makina angabereke

Mlimi aliyense wa ku Katete, Sinda kapena Vubwi amadziwa kuti njere imodzi ya cimanga imasunga zonse zofunika kuti pamere phesi lina lobala njere zinanso. Kodi makina nawonso angacite zimenezi? Funso limeneli linatenga zaka zomaliza za moyo wa John von Neumann, katswiri wa masamu.

Iye anabadwa pa 28 December 1903 mumzinda wa Budapest, m'dziko la Hungary, ndipo mu 1933 anayamba nchito pa Institute for Advanced Study ku Princeton, ku America. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anathandiza kupanga bomba la atomiki, nchito imene ambiri akali kumudzudzula nayo. Mu 1945 analemba lipoti lofotokoza kompyuta yosunga malangizo ake pamodzi ndi manambala amene ikuwerengera. Makompyuta ndi mafoni ambiri amatsatira kamangidwe kameneka mpaka lero.

Mu 1948 anakamba nkhani ku Pasadena yoonetsa mmene makina angapangire makina anzake. Anafotokoza kuti makinawo ayenera kukhala ndi ndondomeko yolembedwa ya kapangidwe kawo, kuiwerenga pomanga atsopano, kenako kuikopera yonse ndi kuipereka kwa atsopanowo. Popanda kuipereka, mwanayo sangabereke. Colakwika cikalowa pokopera, cimapita ku mibadwo yotsatira. Patapita zaka zisanu, mu 1953, James Watson ndi Francis Crick anafotokoza kapangidwe ka DNA, ndipo pang'ono ndi pang'ono kunaoneka kuti maselo a zamoyo amacita cimodzimodzi.

Von Neumann sanamange makinawo. Anangotsala papepala, ndipo Arthur Burks ndiye anasonkhanitsa zolembazo m'buku la mu 1966. Ngakhale gulu la Craig Venter, limene mu 2010 linapanga DNA yonse ya kacilombo ka bakiteriya m'labotale, linafunikira kuiika m'selo lamoyo kale kuti igwire nchito.

Mnzake Stanislaw Ulam analemba mu 1958 kuti awiriwa anakambiranapo zakuti luso la zopangapanga likuthamanga kwambiri, moti lingadzafike poti umoyo wa anthu sungapitirire monga tiudziwira. Amene amatsutsana lero za makina anzeru kuposa munthu amachula kawirikawiri zokambirana zimenezo.

Anamwalira ndi matenda a khansa pa 8 February 1957 ku Washington, ali ndi zaka 53, asanamalize buku loyerekezera kompyuta ndi ubongo wa munthu.