Reg Harris, Mkulu Amene Anasiya Anyamata M'mbuyo pa Njinga

Anzanga amene tinaphunzira limodzi m'zaka za m'ma 1970 mukuchikumbukira chithunzi chija chinali chomata pa chitseko cha kabati ya aphunzitsi athu a masewero. Chinali cha mzungu wa ntchafu zikuluzikulu, atawerama pa njinga yopanda mabuleki. Ife tinkangoti mzungu wa Raleigh, poti aphunzitsiwo ankati ankapalasira kampani imeneyi, yomwenso inapanga njinga yawo ija imene sankalola mwana aliyense kuikhudza ngakhale belu lokha. Dzina la mzunguyo ndi Reg Harris. Akonzi a kalata yathu ino atandipempha kuti ndilembe za munthu wotchuka amene anatisiya kale, ndasankha iwowa. Chifukwa chake n'chakuti pa msonkhano wathu wapita uja kuno ku Monkey Bay, nkhani inali ya mawondo ndi misana basi.

A Harris anabadwa pa 1 Malichi 1920 m'mudzi wa Birtle, pafupi ndi tawuni ya Bury ku Mangalande. Dzina lawo lobadwa nalo linali Reginald Hargreaves. Bambo awo anamwalira iwo akadali mwana, ndipo amayi awo atakwatiwanso, mwanayo anatenga dzina la bambo omupezawo. Sukulu sanapite nayo patali. Anayamba kuphunzira umakaniko wa galimoto ku Bury, nagula njinga yawo yoyamba, nayamba kupikisana ndi anzawo pa mabwalo a kapinga. Pambuyo pake ankagwira ntchito pa fakitale ya mapepala m'nyengo yozizira, kenaka n'kuisiya nyengo ya mipikisano ikafika. Mu 1939 anasankhidwa kukaimira dziko lawo ku Milan, ku Italy, pa mpikisano wa dziko lonse lapansi. Anafika ndithu ku Milan, koma nkhondo yachiwiri itayandikira anaitanidwa kuti abwerere asanapalase n'komwe.

Nkhondo imeneyi ifenso inatikhudza, poti makolo athu ambiri anapita ndi gulu la KAR ku Abyssinia ndi ku Burma. A Harris anatumizidwa kumpoto kwa Africa kumene ankayendetsa kasinja. Kasinjayo anaphulitsidwa, iwo navulala, ndipo mu 1943 asilikali anawachotsa ntchito ponena kuti thupi lawo silingathenso usilikali. Chaka chotsatira, mu 1944, munthu yemweyo anapambana mipikisano itatu ya dziko la Britain.

Ndiyambe ndalongosola masewero amenewa, chifukwa kwathu kuno njinga timaidziwa ngati ya kabaza kapena ya ogula nsomba amene amanyamula madengu a usipa kuchokera ku Chembe kupita ku Mangochi. Njinga ya a Harris inali ina. Inkayenda pa bwalo lozungulira lomangidwira njinga zokha, lopendekeka m'makona ngati m'mbali mwa beseni. Inalibe mabuleki, inalibe kaliyala, ndipo gudumu lakumbuyo likamazungulira miyendo nayonso inkayenera kuzungulira, osapumira. Mpikisano wawo unali waufupi, pafupifupi mamita 1,000, wa anthu awiri kapena atatu, ndipo wotchi inkawerenga mamita 200 omaliza okha.

Apa ndiye pali nkhani. Munthu akakhala kutsogolo amalimbana ndi mphepo yekha, pamene wam'mbuyo amabisala pamsana pa mnzakeyo n'kusunga mphamvu zake. Choncho palibe amene amafuna kutsogola. Awiriwo amayamba pang'onopang'ono ngati akupita kumaliro, akuyang'anana cham'mbali, mwina mpaka kuima chilili pa njinga osaponda pansi, aliyense kudikira kuti mnzake atope ndi kudikirako. Kenaka m'modzi amatsika pa chipendekero chija ngati nkhwazi yaona chambo, ndipo m'masekondi ochepa zonse zatha. Aphunzitsi athu ankayesa kutiphunzitsa kuima koteroko pa bwalo la mpira, pa njinga zobwereka. Ine ndinagwa kawiri, ulendo wachiwiri pamaso pa atsikana a kalasi lathu, ndipo amene munalipo musandikumbutse. Chimene ndinatolapo n'chakuti masewerowa ndi ngati bawo. Miyendo iyenera kukhalapo, koma wopambana ndi amene wawerenga maganizo a mnzake.

Mu 1947 ku Paris a Harris anakhala katswiri wa dziko lonse pakati pa opalasa osalipidwa. Aliyense ankayembekezera kuti pa masewero a Olympic a mu 1948 ku London adzatenga mendulo ya golide. Koma kutatsala miyezi yochepa anavulala pa ngozi ya pamsewu, ndipo atachira anagwanso pa mpikisano wina ku Manchester nathyoka chigongono. Anapalasabe. Pa bwalo la Herne Hill anagonja kwa Mario Ghella wa ku Italy natenga siliva, natenganso siliva wina pa njinga ya anthu awiri pamodzi ndi Alan Bannister.

Atatha masewerowo analowa m'gulu la opalasa olipidwa, ndipo apa m'pamene anagwirizana ndi kampani ya Raleigh ya ku Nottingham. Anapambana ukatswiri wa dziko lonse mu 1949 ku Copenhagen, mu 1950 ku Liège, mu 1951 ku Milan kumene nkhondo inawabweza kuja, ndiponso mu 1954 ku Cologne. Chaka cha 1951 ife a kunyanja sitingachiiwale, poti ndi chaka chimene sitima ya Ilala inayamba kuyenda italumikizidwa pa doko lathu lino. M'masiku amenewo munthu wobwera ku Joni kapena ku Salisbury ndi njinga ya Raleigh ankaoneka kuti ulendo wake wapindula. Dzina la njingayo linkamveka m'mayiko ambiri, ndipo mbali ina ya kutchukako inachokera m'miyendo ya a Harris.

Anasiya mipikisano mu 1957, ndipo mu 1958 boma la Britain linawapatsa ulemu wa OBE. Zaka zotsatira sizinawayendere bwino kwenikweni. Anayang'anira bwalo la njinga la Fallowfield ku Manchester, limene linatchedwa dzina lawo, ndipo anatsegula kampani yopanga njinga ku Macclesfield, koma inagwa patangopita zaka zochepa. Kupalasa njinga ndi kwina, kugulitsa njinga ndi kwina. Ena mwa ife amene tinayesa kugula bwato la nsomba ndi ndalama za penshoni tikudziwa mmene zimawawira.

Tsopano ndafika pa chimene ndalembera nkhaniyi. Mu 1971, ali ndi zaka 51, a Harris anabwereranso pa bwalo ndipo anakhala achitatu pa mpikisano wa dziko la Britain. Mu 1974 ku Leicester, ali ndi zaka 54, anapambana mpikisano womwewo wa opalasa olipidwa, atagonjetsa Trevor Bull amene akanatha kukhala mwana wawo. Ndikukumbukira m'mawa umene aphunzitsi athu anabwera ndi nyuzipepala yachingerezi yakalekale, yofika mochedwa, natiwerengera nkhaniyi kawiri. Iwonso anali ndi imvi nthawi imeneyo, ndipo tsiku limenelo anapalasa kuzungulira bwalo lathu mpaka fumbi koboo, ife tikukuwa. Anatikumbutsa mwambi uja wa galu wamkota amene sakandira pachabe.

Sindibisa kuti anthu ena a masewerowa akhala akunong'ona kuti pa mpikisano womalizawo panali kumvana pakati pa opalasawo. Ine maganizo anga ndi awa. Kuti munthu wa zaka 54 afike pa mpikisano womaliza ayenera kuti wapalasa mtunda wautali m'mawa uliwonse kwa miyezi yambiri, pamene anzake a msinkhu wake akuwotha moto. Zimenezo palibe angamugulire. Ndipo chaka chotsatira, mu 1975, ali ndi zaka 55, anafikanso pa mpikisano womaliza, kumene Bull anawabwezera, iwo nakhala achiwiri. Liwiro la unyamata linali litachepa, koma kudekha kuja, kudziwa nthawi yoyenera kudumphira mnzako, kunali kutakhwima.

A Harris anamwalira pa 22 Juni 1992 ku Macclesfield ndi matenda a sitiroko, ali ndi zaka 72, ndipo anaikidwa m'manda a pa tchalitchi cha ku Chelford. Bwalo lamakono la njinga litatsegulidwa ku Manchester mu 1994, anaikamo chiboliboli chawo cha mkuwa, chowaonetsa atawerama pa njinga monga pa chithunzi chathu chija. Pa bwalo limenelo m'pamene anakonzekerera akatswiri a ku Britain onga Chris Hoy, amene anadzatenga mamendulo a golide aja a Harris anaphonya mu 1948.

Aphunzitsi athu nawonso anatisiya kalekale, ndipo ambiri a inu munalipo pa maliro awo. Ankapalasa Raleigh yawo mpaka ukalamba, kupita kutchalitchi ndi kumsika, akukana kunyamulidwa pa kabaza. Ine njinga yanga inakhala zaka 6 itapachikidwa kudenga la khitchini, matayala ataphwa, akangaude atamanga pa masipoko. Mwezi watha ndinaitsitsa, mdzukulu wanga nandithandiza kuika tcheni chatsopano ndi machubu. Tsiku loyamba ndinangofika pamsika n'kubwerera, mtima ukugunda ngati ng'oma ya beni. Loweruka lapitali ndinafika pa mphambano yopita ku Cape Maclear. Chitunda cholowera ku Chembe sindinachiyesebe, koma amene ali ndi njinga kudenga andipeze pa geti ya doko Loweruka likudzali 6 koloko m'mawa, dzuwa lisanakwere. Pampu ndibweretsa ine.