MICHELANGELO: MMISIRI AMENE ANAJAMBULA MUNTHU PAMASO PA MULUNGU

Tsiku lina ndili mu laibulale ndinapeza buku la zithunzi, ndipo pa chithunzi cha Adamu wina anali atadetsapo ndi inki. Ndinafunsa Abambo amene amatiphunzitsa mbiri ya Eklezia chifukwa chake Adamu ali maliseche m'tchalitchi cha Apapa. Iwo anandiuza kuti ndiyambe ndawerenga moyo wa mwini chithunzicho.

Michelangelo Buonarroti anabadwa pa 6 Marichi 1475 ku Caprese m'dziko la Italy. Ali ndi zaka 13 anayamba kuphunzira kujambula kwa Domenico Ghirlandaio ku Florence, koma mtima wake unali pa kusema miyala. Mu 1499 anamaliza chifanizo cha Amayi Maria atanyamula mtembo wa Mwana wawo. Mu 1504 anamaliza Davide wamtali mamita 5, wopanda chovala, atangotenga gulaye.

Papa Julius II anamulamula kujambula denga la tchalitchi cha Sistine, ntchito imene anaigwira kuyambira 1508 mpaka 1512. Apa ndi pamene pali Adamu uja, monga anatulukira m'manja mwa Mlengi, tchimo lisanabweretse manyazi.

Mkangano unabuka ndi chithunzi cha Chiweruzo Chomaliza chimene anamaliza mu 1541. Oyera ndi ochimwa omwe anali osavala. Biagio da Cesena, woyendetsa miyambo ya Apapa, anadandaula kuti zotere n'zosayenera malo opatulika. Mmisiriyo anamubwezera pomujambula ali ku gehena ndi makutu a bulu, zimene sindingaziyamikire. Michelangelo anamwalira ku Rome pa 18 Febuluwale 1564, ndipo chaka chotsatira Daniele da Volterra anajambulapo nsalu zobisa maliseche. Atamaliza kuyeretsa zithunzizi mu 1994, Papa John Paul II anachitiramo Misa, naphunzitsa kuti zimaonetsa ulemu wa thupi la munthu.

Ine ndaona kuti odandaulawo sanali opusa, pakuti zithunzi zambiri zamaliseche zimangofuna kudzutsa chilakolako ndi kusandutsa munthu katundu. Koma Michelangelo anali ndi cholinga china. Davide alibe chovala chankhondo chifukwa akudalira Mulungu yekha. Pa Chiweruzo, mfumu ndi mmphawi sungawasiyanitse, chifukwa zovala zaulemu zonse zatsala kumanda.

Anzanga, ife tikulakalaka kudzavala mkanjo wa unsembe. Chithunzichi chimandikumbutsa kuti tsiku lomaliza mkanjowo sudzabisa kanthu. Amene anadetsa buku lija mwina anali ndi cholinga chabwino, koma anabisa phunziro limene ife tikulisowa.