William Coblentz: mwana wa mlimi amene adaunika miyala ndi kuwala kosaoneka

Masiku ano katswiri akafuna kudziwa zomwe zili m'dothi, mu ufa kapena m'mbulu wa mankhwala, nthawi zambiri safunikanso kuzisungunula. Amangozithira m'kambale, kuziunika ndi kuwala kwa infrared n'kuwerenga kuwala komwe kwabwerera. Maziko a luso limeneli adayalidwa ndi William Weber Coblentz, mkulu yemwe adatsiriza sukulu ya sekondale ali ndi zaka 22.

Coblentz adabadwa pa 20 November 1873 ku North Lima, m'chigawo cha Ohio m'dziko la America. Mayi ake adamwalira iye asadakwanitse zaka zitatu. Banja lawo lidali la alimi osapeza bwino, choncho sukulu idamuyendera mochedwa mpaka adamaliza sekondale mu 1896. Koma sadagwe mphwayi. Mu 1900 adatenga digiri yoyamba ku Case School of Applied Science, ndipo mu 1903 adalandira digiri ya udokotala wa sayansi ku yunivesite ya Cornell.

Kuwala kwa infrared maso sakuona, koma khungu limakumva ngati kutentha, monga momwe munthu amamvera akakhala pafupi ndi mbaula ya makala. Adakutulukira ndi William Herschel mu 1800, koma padapita zaka zoposa 100 anthu asadakugwiritse ntchito mokwanira pozindikira zinthu.

Ali ku Cornell, Coblentz adadzipangira yekha makina oyezera. Popeza galasi wamba limatsekereza mbali yaikulu ya kuwalaku, iye adagwiritsa ntchito mwala wa mchere wosemedwa bwino pokugawa m'magawo ake. Padalibe kompyuta. Ankayeza gawo limodzi, kulemba nambala, kusuntha makina pang'ono n'kuyezanso, ndipo chinthu chimodzi chokha chinkamudyera maola.

Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 1905 ndi bungwe la Carnegie Institution m'buku lotchedwa Investigations of Infra-Red Spectra. Mkuluyu adaonetsa kuti gulu lililonse la maatomu limameza magawo akeake a kuwalaku, kotero kuti chinthu chilichonse chili ndi chizindikiro chake ngati chidindo cha chala.

Nanga zinthu zolimba zomwe kuwala sikungadutse? Apa mpamene Coblentz adayamba kuyeza kuwala kobwerera. Kuwala kukagunda mwala, kwina kumamezedwa pomwe kwina kumanjanja, ndipo momwe kwabwerera mmomwe mumaulula zomwe zili m'mwalawo. M'mabuku otsatira a 1906 ndi 1908 adalembamo zomwe adapeza pa miyala yambiri yam'migodi.

Ufa udali ndi vuto lake chifukwa timibulu take timamwaza kuwala mbali zonse. Masamu othandiza kuwerenga kuwala komwazikaku adadza mu 1931 ndi Paul Kubelka ndi Franz Munk, ndipo makina a makompyuta atafala m'zaka za m'ma 1970, ntchito ya maola ija idasanduka ya mphindi zochepa. Bungwe la ICRAF ku Nairobi lagwiritsa ntchito njirayi poyeza chonde m'dothi la m'maiko ambiri a mu Africa.

Kuyambira 1905 mpaka 1945 Coblentz adagwira ntchito ku National Bureau of Standards mumzinda wa Washington. Adayezanso kutentha kochokera ku nyenyezi, ndipo pamodzi ndi Carl Lampland wa ku Lowell Observatory adayeza kutentha kwa pulaneti ya Mars.

Adakwatira mochedwa, mu 1924, ndipo mkazi wake Catherine Cate adadzatchuka polemba mabuku a ana. Koma banjali lidaona zowawa poti ana awo awiri adamwalira ali aang'ono, ndipo Catherine naye adatsogola mu 1951.

Coblentz adamwalira pa 15 September 1962 ali ndi zaka 88. Akadali moyo, mu 1954, akatswiri a lusoli adakhazikitsa bungwe la Coblentz Society pomulemekeza. Dzina lake lidaperekedwanso ku maenje awiri akuluakulu, lina pa mwezi ndi lina pa Mars.