Moshoeshoe, Mfumu ya Asotho, ndi Manda a Agogo Ace

Ife amene takhala m'komboni pamodzi ndi Asotho talimva kawirikawiri dzina la Moshoeshoe, koma ambiri a ife sitiudziwa mlandu waukulu umene mfumuyi inaweruza pa phiri la Thaba Bosiu.

Anabadwira ku Menkhoaneng ca m'ma 1786, mwana wa Mokhachane, mfumu yaing'ono, ndipo dzina lace la ubwana linali Lepoqo. Pa unyamata wace anali waukali ndi wolanda ng'ombe za eni, kufikira anakaceza kwa nkhalamba yanzeru, Mohlomi, imene inamlangiza kuti ufumu ukhazikika ndi cifundo koposa ndi mkondo.

M'caka ca 1824, nkhondo za Difaqane zitapasula minda ndi makola, iye anasamutsa anthu ace kucokera ku Butha-Buthe kunka ku Thaba Bosiu. Okalamba anatsalira m'mbuyo panjira, ndipo a Peete, agogo ace a mfumu, anagwidwa ndi anthu a Rakotsoane, amene njala inawasandutsa odya anzao. Anawadya.

Patapita zaka, Letsie, mwana wace wamkulu, anafika msinkhu wolowa cinamwali. Koma mwambo unaletsa kutero manda a kholo asanayeretsedwe, ndipo mandawo panalibe. Pamenepo anthu aja anaitanidwa kuphiri. Nduna zinafuna mwazi, ndipo ife sitizidzudzula, pakuti kwa izo cilungamo cinali kubwezera, wakupha naye afe. Moshoeshoe anauona mlanduwo mwina. Kwa iye mimba za anthuwo ndizo zinali manda a Peete, ndipo munthu sapasula manda a kholo lace. Ng'ombe inaphedwa, cipwidza cace cinapakidwa pa mimba zao monga acitira poyeretsa manda, ndipo pambuyo pace anawapatsa ng'ombe ndi malo olima, popeza anaona kuti coipa caoco cinabadwa ndi njala.

Tisayese kuti anali wamantha. Mu 1852 ankhondo ace anamenyana ndi a General Cathcart ku Berea, ndipo Mabunu a ku Free State anayesa kukwera Thaba Bosiu mu 1865 nalephera. Koma Amandebele a Mzilikazi atabwerera osalanda phirilo mu 1831, mbiri inena kuti anawatumizira ng'ombe za kamba wa panjira. Mu 1855 anaika lamulo loletsa kupha munthu pomunenera ufiti.

Mu 1868 dziko lace linalowa pansi pa citetezo ca Britain monga anapempha yekha. Anamwalira pa 11 March 1870, naikidwa pamwamba pa Thaba Bosiu.